Uinjiniya wa zipangizo zam'chipatala: tisankhe sukulu iti?

Funso: Mwana wanga wakhoza bwino MSCE ndipo akufuna uinjiniya wa zipangizo zam'chipatala. Sukulu yabwino tiidziwa bwanji?
Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, kutchuka kwa sukulu kusakutengeni mtima. Maphunzirowa alipo ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo. Yambani mwafunsa ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE ngati ndi ovomerezeka. Kenako kadzionereni labu: kodi ophunzira amamasula okha makina a okosijeni n'kuwakonza, kapena amangowaona m'buku? Nkhani yagona pamenepo, chifukwa makina ambiri m'zipatala amangokhala posowa wowakonza. Funsaninso ngati ophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito kuchipatala. Ngati masamu ndi fizikisi zimamuvuta mwanayo, kambiranani ndi aphunzitsi ake musanalembe fomu.