Chifukwa chake chivomezi chimabwereza

Anzanga a Jogalafe, mawu oti "fault" tisamangowaloweza chifukwa cha MSCE. Fault ndi mng'alu waukulu wa m'thanthwe la pansi pathupa, ndipo kuno kwathu ulipo wotchedwa Mwanza Fault, womwe unatsata chigwa cha mtsinje wa Mwanza kulowera ku Chikwawa. Cha kum'mawa kwake, m'munsi mwa mapiri a Thyolo, kuli wina, Thyolo Fault.

Malawi ali m'chigwa cha Rift Valley, momwe nthaka ikukokeka pang'onopang'ono, mamilimita ochepa chabe pachaka. Matanthwe a mbali ziwiri za mng'alu amagwirana zolimba, mphamvu n'kumaunjikana kwa zaka mazanamazana. Tsiku lomwe alephera kupirira amaterereka mwadzidzidzi, ndiye chivomezicho.

Koma ming'aluyi sikhala umodziumodzi. Imakhala m'gulu, ina moyandikana, ina yodukizadukiza ngati mzere wa njerwa. Taganizani anyamata anayi atasenza mtanda wa denga. Mmodzi akachotsa phewa, kulemera kuja sikuthawira kumwamba ayi, kumagwera atatu otsalawo, ndipo yemwe anali atatopa kale ndiye amatsatira. Ming'alu imateronso. Gawo limodzi likaterereka limapepukidwa, koma limakankhira mphamvu ina kwa loyandikana nalo. Ngati linali litatsala pang'ono, nalonso limasuntha, mwina mawa lake, mwina patatha zaka.

Izi zinachitika ku Karonga mu Disembala 2009. Pa 6 kunagwedeza chivomezi cha mphamvu ya 5.8, pa 8 china cha 5.9, pa 12 chinanso, kenako usiku wa pa 19 kuchera pa 20 kunabwera chachikulu kuposa zonsezo, cha pafupifupi 6.0. Anthu anayi anamwalira, nyumba zambirimbiri zinagwa. Chodabwitsa n'choti mng'alu waukulu wa Livingstone, womwe uli tsidya la nyanja ku Tanzania, sindiwo unasuntha. Akatswiri poona zithunzi za setilaiti anapeza kuti ndi zigawo za mng'alu wocheperako pafupi ndi tauni ya Karonga zomwe zinkaterereka motsatizana.

Tsono zija timamva zoti "chadutsa, tiyeni tilowe", ine sindigwirizana nazo. Ku Karonga chachikulu chinafika patatha masabata awiri, chinapeza makoma atang'aluka kale. Khoma la njerwa zomangira dothi likang'aluka, musagonemo mpaka wodziwa zomangamanga aliyang'ane. Chikatipeza m'kalasi, tibisale pansi pa desiki, chikaleka tituluke mwadongosolo kupita pabwalo la mpira, kutali ndi makoma ndi mawaya a magetsi.