Kudzutsa Galimoto Yakale: Zimene Tinaphunzira Pansi pa Mtengo wa Mango

Mukamayenda m'misewu yabata ya ku Area 3, Area 10 kapena Area 43 mumzinda wa Lilongwe, tasuzumirani pamipata ya mageti. Kuseri kwa nyumba zina mudzaona galimoto yomwe inasiya kuyenda kalekale, matayala ataphwa, masamba atadzaza pamwamba, mwina nkhuku zikuikiramo mazira. Boma litasamutsa likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, ogwira ntchito ku Capital Hill anadzakhala m'madera amenewa pamodzi ndi magalimoto awo. Ambiri mwa eniake anapuma ntchito, ena anatisiya, koma magalimoto ena adakalipo.

Ife tilipo anayi: ophunzira zauphunzitsi atatu ndi msuweni wathu amene akuphunzira umakaniko. Patchuthi china tinasonkha ndalama zomwe tinapeza pochita maganyu ndi pophunzitsa ana masamu madzulo, n'kugula imodzi mwa magalimoto oterewa. Phunziro lino likufotokoza zimene munthu ayenera kuona asanagule galimoto yakale, ndondomeko yoikonzera, ndi pamene ife tinapunthwa.

Ndi galimoto yanji?

Achinyamata ambiri timasirira magalimoto amphamvu a ku America omwe timawaona m'mafilimu, monga Ford Mustang ndi Pontiac GTO. Onse awiriwa anatuluka mu 1964, ndipo anatchuka chifukwa cha injini ya V8 ya masilinda 8. Ku South Africa nakonso, kampani ya Basil Green ya ku Johannesburg inkaika injini ya V8 mu Ford Capri n'kuitcha Perana. Koma magalimoto oterewa amamwa petulo ngati ngamila, ndipo mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973, msika wawo unatsika. Kuno kwathu sapezekapezeka, masipeya ake ndi oitanitsa kunja, komanso a ku America ambiri chiwongolero chake chili kumanzere pomwe ife timayendera kumanzere kwa msewu.

Magalimoto akale amene anazika mizu m'Malawi ndi ena: Peugeot 404 ndi 504, Datsun 120Y, Ford Cortina, Volkswagen Beetle ndi Land Rover. Yathu ndi Peugeot 504. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku France mu 1968, unapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuulumikiza mpaka zaka za m'ma 2000. Izi zikutanthauza kuti amakaniko achikulire amaudziwa bwino, ndipo masipeya ena akadapezeka. Mfundo yoyamba ndi imeneyi: sankhani galimoto imene anthu akwanu amatha kuikonza, osati imene imangokongola pachithunzi.

Gawo loyamba: mapepala

Apa ndi pamene tinalakwitsa kwambiri. Galimotoyo inali ya mayi wina wachikulire wa ku Area 3, amene amuna awo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Titaiona, mitima inathamanga. Tinagwirizana mtengo, tinapereka ndalama tsiku lomwelo, kenako n'kufunsa za bulubuku. Mayiwo analowa m'nyumba, nabwera nayo ili m'pulasitiki, yosungidwa bwino. Koma dzina lolembedwamo linali la malemu.

Mayiwo sanatinamize. Iwo ankaona kuti galimoto ndi yawo, ndipo ife sitinafunse. Koma ku Road Traffic sangasinthe umwini chifukwa choti wina wanena pakamwa. Katundu wa munthu womwalira amayendetsedwa motsata lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo pamafunika makalata osonyeza amene ali ndi mphamvu yogulitsa katunduyo. Mwana wawo wina anali ku Johannesburg, ndipo atamva nkhaniyi anayamba wakana, poti ati galimotoyo ndi chikumbutso cha bambo ake. Kwa miyezi inayi ndalama zathu zinali zitapita, galimoto ili pomwepo, ndipo ife tilibe umboni wina kupatula kapepala kolemba pamanja.

Choncho musanatulutse ndalama, chitani izi. Onani bulubuku ndi chiphaso cha wogulitsa ngati mayina akufanana. Werengani nambala ya chasisi ndi ya injini pagalimoto penipenipo, muyerekeze ndi zolembedwa. Funsani kupolisi ngati galimotoyo ilibe mbiri yakubedwa. Lembani mgwirizano wogulitsana pamaso pa mboni ziwiri. Ngati mwini wake anamwalira, dikirani kufikira banja litamvana ndipo makalata atatuluka.

Gawo lachiwiri: dzimbiri

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Injini yowonongeka imakonzeka kapena kusinthidwa, koma thupi lodyeka ndi dzimbiri limadya ndalama mosalekeza. Galimoto yokhala pansi pa mtengo imavutika kwambiri, chifukwa masamba amatseka timipata totulutsira madzi, ndipo mvula ya Disembala mpaka Malichi imadikha m'kati.

Vundukulani makapeti muone pansi. Tsegulani buti, chotsani tayala lapadera, muone pamene limakhala. Gogodani m'munsi mwa zitseko ndi sikuludiraiva: chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimaboola. Tengani maginito muyendetse pathupi la galimoto. Pamene sakugwira, dziwani kuti pali phala lomata lomwe wina anabisira ngozi kapena dzimbiri. Malo oopsa kwambiri ndi pamene pamamangirira masipuling'i ndi mashokabu, chifukwa pamenepo ndi pamene pamasenza galimoto yonse. Yathu inali itaboola pansi kumbali ya woyendetsa, koma malo osenzawo anali olimba, ndipo n'chifukwa chake ntchito inali yotheka.

Gawo lachitatu: ndondomeko ya ntchito

Podikira mapepala, mayi aja anatilola kumagwirira ntchito pabwalo pawo. Tinkapita Lamulungu lililonse, popeza Loweruka ndi Sabata, ndipo tinapempha amakaniko ena achikulire a ku Biwi kuti azitiyang'anira. Tsiku loyamba tinabwera ndi batire, tikufuna kuliza injini nthawi yomweyo. Iwo anatiletsa. “Ana inu, munthu amene wagona m'chipatala zaka khumi simumudzutsa n'kumuuza kuti athamange,” anatero.

Ndondomeko imene anatiphunzitsa ndi iyi. Choyamba, masulani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, mudikire masiku angapo, kenako tembenuzani injini ndi sipanala. Ikatembenuka, ndiye kuti mapisitoni sanagwirane ndi dzimbiri. Chachiwiri, khutulani oyilo wakale, musinthe ndi sefa yake. Chachitatu, tsukani thanki, chifukwa petulo wokhalitsa amasanduka ngati manyuchi n'kutseka kabureta. Sinthaninso mapaipi a labala onse odutsa mafuta. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera kunzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982, ndipo labala wokalamba amang'aluka msanga akakumana naye. Paipi yodontha pafupi ndi injini yotentha ndi moto. Chachinayi, onani redieta, mapaipi amadzi ndi lamba wa fani. Mukatero, ndiye lumikizani batire.

Injini ikalira, chotsatira si penti ayi. Ndi mabuleki, chiwongolero, matayala ndi magetsi. Tayala likhoza kuoneka ngati latsopano pomwe labala wake anauma. M'mbali mwake mumalembedwa manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Tinkafunitsitsa kupenta msanga kuti anzathu aone, koma amakaniko aja anatifunsa funso limodzi: “Penti imaimitsa galimoto pamlatho wa Lilongwe minibasi ikaima mwadzidzidzi kutsogolo kwanu?” Tinangoti chete.

Pomaliza pali COF ndi inshuwalansi. Popanda ziwirizi galimoto siloledwa pamsewu, ngakhale ulendo wongoyesa.

Gawo lachinayi: masipeya ndi ndalama

Masipeya ambiri tinawapeza mumsewu wa Malangalanga ku Old Town ndi m'magalaja a ku Biwi. Mukamapita, nyamulani chitsulo chakalecho m'manja. Tinagulapo pampu ya madzi pongotchula dzina la galimoto, koma titafika nayo sinakwane, chifukwa 504 inali ndi mitundu ingapo ya injini. Zina ndi bwino kugula zogwiritsidwapo kale ntchito, monga magalasi, zitseko ndi nyali. Koma za mabuleki, malamba ndi mapaipi a mafuta, gulani zatsopano.

Tili ndi kope limene timalembamo tambala iliyonse. Kopelo linationetsa chinthu chowawa: ndalama zokonzera zinapitirira mtengo wogulira galimoto tisanafike n'komwe pa penti. Masipeya ambiri amachokera kunja, choncho kwacha ikagwa, monga mmene inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake imakwera nthawi yomweyo. Tinagwirizana lamulo limodzi, loti ndalama ya fizi sigwiridwa zivute zitani. Mmodzi wa ife atafuna kubwerekako pang'ono kuti tigule matayala, tinakangana mpaka usiku, koma lamulo linapambana, ndipo galimoto inakhala pamiyala miyezi ina iwiri.

Zimene tikutengapo ngati aphunzitsi a mawa

M'kalasi timaphunzira kuti mwana amagwira bwino phunziro akalichita ndi manja ake. Tinazimvetsa bwino tsiku limene tinamasula kabureta n'kuona ndi maso mmene mpweya umakokera petulo podutsa pamalo opapatiza, zomwe tinangoziloweza pamtima mu Fomu 3. Tinaonanso kaphunzitsidwe ka amakaniko aja, amene sanapite patali ndi sukulu. Sankatilanda sipanala tikalakwitsa. Ankatisiya tiyese, kenako n'kufunsa kuti, “Mwamva chiyani? Mwanunkhiza chiyani?” Ambiri a ife tinakula tikuona ntchito zamanja ngati za anthu olephera mayeso. Maganizo amenewo sitikufuna kukawapatsira ana amene tidzawaphunzitse.

Mwana wa ku Johannesburg uja anavomera pambuyo pake, atalandira pafoni kanema wa injini ikulira koyamba. Tsikulo mayi aja anatuluka m'khitchini, naima pakhonde akumvetsera, kenako anati, “Ana anga, muzimitse kaye, mudye nsima.” Makalata anatuluka, ndipo bulubuku tsopano ili m'dzina la mmodzi wa ife mogwirizana. Galimoto sinapentedwe, mipando idakali yong'ambika, ndipo tikusonkha za COF. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani mapepala ayenera kuonedwa ndalama zisanaperekedwe? Tchulani zinthu zinayi zoyenera kutsimikiza.

2. Mwana wa malemu atakana, ife tinali titalipira kale. Mukanakhala inu, mukanatani kuti musawononge ubale wa banjalo komanso musataye ndalama zanu?

3. Ikani ntchito izi m'ndondomeko yoyenera ndipo fotokozani chifukwa chake: penti, mabuleki, kutsuka thanki, kuwotcherera pansi, kusoka mipando.

4. Kodi ndi ndalama ziti pamoyo wanu zimene siziyenera kugwiridwa, ngakhale ntchito imene mukuikonda itaima?

5. Ganizirani phunziro limodzi la kusekondale limene mungaliphunzitse pogwiritsa ntchito njinga, mpondamatiki kapena galimoto yakale. Mungalikonze bwanji?