Phunziro la Maziko: Kumanga Sitoro pa Dothi Losinthasintha la ku Balaka ndi ku Machinga



Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Balaka kudzera ku Liwonde mpaka ku Ntaja ndi ku Nselema, akapenyetsa masitoro a m'mbali mwa njira, adzaona ming'alu pa makoma ambiri, ngakhale a nyumba zimene sizinathe zaka zisanu. Mwini sitoro amadzudzula mmisiri. Mmisiri amanena kuti simenti idachepa. Ndipo anansi amayamba kunong'onezana za ufiti, chimene chiri choipa kopambana mng'alu womwewo. Koma nthawi zambiri mlandu uli pansi, m'dothi limene palibe adalifunsa asanayale njerwa yoyamba. Popeza anthu amadza kwa inu aphunzitsi ndi mafunso a mtundu uliwonse, ndipo ambiri amaika chuma cha moyo wao wonse m'kasitoro kamodzi, nkoyenera kuti nkhani iyi muidziwe bwino.

Maboma awiriwa adali boma limodzi kufikira chaka cha 1998, koma nthaka yao siinakhalepo imodzi. M'tsinde mwa mapiri a Chikala, Chaone ndi Mongolowe muli katondo wofiira ndi nsangalabwi, ndipo thanthwe liri pafupi. M'chigwa cha Shire, m'mbali mwa Rivirivi, ndi m'madambo a ku Chilwa ndi ku Chiuta muli dothi limene madzi adalitenga kwina nkuliunjika pang'onopang'ono: pano mchenga, apo matope, apo makande. Mtsinje suyala katundu wake mwadongosolo ai. Nchifukwa chake pa malo amodzi a mamita 15 okha mungathe kupeza mitundu iwiri kapena itatu ya dothi.

Za makande

Mlimi wa thonje amalidziwa dothi lakuda ili, ndipo amalikonda. Womanga ayenera kuliopa. M'kati mwake muli dongo la mtundu umene akatswiri amautcha montmorillonite, dzina lochokera ku mudzi wa Montmorillon ku France. Dongo limeneli limamwa madzi nkutupa monga nyemba zoviikidwa. Likauma limafota nkung'ambika, kotero kuti mu Okutobala mungathe kulowetsa dzanja m'ming'alu yake. Tsono chaka ndi chaka nthaka imakwera m'dzinja nkutsika m'chirimwe, ndipo mphamvu yake yokankha imaposa kulemera kwa nyumba yaing'ono. Ichi nchodabwitsa kwa ambiri: pa makande nyumba yopepuka ndiyo imavutika msanga.

Nthaka ikadakwera yonse pamodzi, bwenzi palibe vuto lalikulu. Koma mukawaka nyumba mwaphimba dothi ndi denga ndi simenti. Dzuwa silifikanso pakati, chinyontho chimasonkhana pamenepo, pamene m'mphepete mukunyowa ndi kuuma monga kale. Pakati pamatupa, m'mbali mumatsika, ndipo khoma la njerwa, losadziwa kupindika, limathyoka. Azigogo athu amene adapita ku migodi ya golide ya ku Welkom ndi ku Odendaalsrus ku South Africa m'zaka za 1950 adakhala pa nthaka yotere. Nyumba zatsopano zambiri zidang'ambika kumeneko, ndipo nzeru zambiri zomangira pa dongo lotupa zidatuluka m'kufufuza kwa akatswiri a dziko limenelo, monga J. E. Jennings.

Mng'alu umanena wokha chimene chidaubala, mukaupatsa nthawi. Lembani ndi pensulo pamene wathera, muyese kukula kwake, mulembe tsiku. Ukatseguka m'chirimwe nkutsekeka mvula ikagwa, ndi makande amenewo. Ukangokulirakulira osabwerera, ndiye kuti mbali ina ya nyumba ikumira. Kumata ndi simenti musanadziwe chifukwa chake nkutaya ndalama chabe.

Mwendo umodzi pa thanthwe, wina m'matope

Choopsa kopambana makande ndicho kuika mbali ina ya nyumba pa dothi lolimba, mbali ina pa lofewa. Nsanja yotchuka ya ku Pisa ku Italy adaiyamba m'chaka cha 1173 pa maziko a mamita atatu okha. Dothi la kum'mwera lidali lofewa kuposa la kumpoto, ndipo idayamba kupendekeka amisiri asanafike ndi pakati pomwe. Adaitseka mu 1990 poopa kuti igwa, naitsegulanso mu 2001 atachotsa dothi pang'onopang'ono pansi pa mbali yokwera. Ife tiribe chuma chokonzera sitoro motero.

Kuno kwathu kusiyana kwa dothi kumachokeranso kwa anthu ndi kwa chiswe. Malo a malonda ambiri adakhalapo anthu kale: pali dzenje la chimbudzi chakale, nkhuti ya zinyalala, kapena nkhando imene adaumbapo njerwa nkuikwirira. Pamwamba pamaoneka bwino, koma dothi lokwiriridwa limatsika kwa zaka zambiri. Chulu chosalazidwa chimanyenganso, pakuti pamwamba ncholimba ngati mwala koma pansi pali mphako. Funsani nkhalamba za pamalopo. Zimakumbukira zimene sizilembedwa pa chikalata cha malo.

Kufunsa dothi

Musanagule thumba limodzi la simenti, kumbani maenje asanu, pa ngodya zinai ndi pakati, lirilonse lakuya mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri. Penyani makoma a dzenje: dothi lakuda la pamwamba lithera pati? Pansi pake pali chiani? Kodi maenje onse asanu akunena mau amodzi? Tengani dothi la pansi, mulinyowetse, mulipote m'manja. Likapanga kachingwe kakatali kosaduka, ndipo likanyezimira polidula ndi mpeni, ndi dongo lamphamvu. Siyani maenjewo usiku umodzi, mutawatchinga chifukwa cha ana; mukapezamo madzi m'mawa, monga zimachitikira pafupi ndi Shire ku Liwonde, dziwani kuti madzi a pansi ali pafupi. Dzenje lakuya m'mchenga kapena m'dothi lonyowa limagumuka mosachenjeza, choncho munthu asalowemo popanda matabwa ochirikiza.

Zimenezi zikwanira kasitoro ka chipinda chimodzi kapena ziwiri. Nyumba yosanja, nyumba yosungiramo katundu, kapena malo ogona alendo zifuna injiniya, amene adzatumiza dothi kukayesedwa. Ndalama yake imaoneka yambiri tsiku lolipira, koma njochepa poilinganiza ndi mtengo wa khoma limodzi.

Pa katondo wolimba ndi wofanana ponseponse, maziko wamba akwanira: ngalande yopyola dothi la pamwamba, konkire yotambalala katatu kuposa khoma, ndiye kuti masentimita 60 kapena 70 pa khoma la masentimita 23, yochindikala ngati masentimita 20. Pa malo otsetsereka pansi pa ngalande padulidwe ngati makwerero, pasatsate kutsetsereka kwa nthaka. Mukapeza malo amodzi ofewa, kumbani kufikira polimba nkudzaza ndi konkire yopanda simenti yambiri. Musabwezeremo dothi lomwelo.

Pa makande njira ziripo zingapo, ndipo kusankha kumatsata kuya kwake. Akakhala osaya, achotseni onse pansi pa nyumba yonse, osati m'ngalande mokha, ndipo mudzaze nsangalabwi m'magawo a masentimita 15, gawo lirilonse lowazidwa madzi ndi kusinjidwa. Apa ndi pamene anthu amaba nchito: amathira dothi lonse nthawi imodzi nkusinja pamwamba pokha. Makande akakhala akuya, injiniya angalamule maziko a thandala limodzi la konkire ya zitsulo, lokhala ndi nthiti zolimba pansi pake, kuti nyumba yonse iziyenda pamodzi monga bwato pa madzi. Kapena mizati ya konkire yotsikira ku dothi losasintha. Mzere wautali wa masitoro ugawidwe ndi mipata yochokera pansi kufika ku denga, makamaka pamene dothi lisinthira mtundu. M'makoma muikidwe waya pakati pa mizere ya njerwa, ndi lamba wa konkire wozungulira nyumba pamwamba pa mazenera. Lambayo ali ndi nchito inanso: tiri m'chigwa cha zivomezi, ndipo akulu akukumbukira chimene chidagwedeza Salima mu Malichi 1989.

Konkire ya zitsulo ifuna muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inai ya miyala. Mchenga ukhale wosasakanizika ndi dothi, ndipo muithirire madzi masiku 7, pakuti mphamvu yake yokwanira imayesedwa pa masiku 28. Kutentha kwa ku Balaka kumaumitsa konkire isanakhwime.

Madzi, mitengo ndi anansi

Mdani wa maziko ndi madzi obwera mbali imodzi. Mpope wodontha, mtsuko wa denga wotayira pa ngodya, dzenje la madzi osambira pafupi ndi khoma, zonsezi zimatupitsa dothi pamalo amodzi. Zungulizani nyumba ndi khonde la simenti la mita imodzi kapena kuposa, lotsetserekera kunja, ndipo ngalande ipite kutali. Mvula ya Januwale 2015 ndi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 idagwetsa makoma ambiri m'chigawo cha kum'mwera poyamba kuwafewetsa m'tsinde. Mtengo waludzu ngati bulugamu umayamwa chinyontho nkutsitsa dothi. Utalikirane ndi khoma monga msinkhu umene udzafike utakula.

Sitoro si nyumba yogona. Matumba 200 a feteleza a makilogalamu 50 ndi matani 10, ndipo kawirikawiri amaunjikidwa pa ngodya imodzi. Chigayo chimanjenjemeretsa mchenga nkuutsitsa. Chikhale pa maziko akeake, osalumikizana ndi khoma. Ndipo pali chizolowezi chimene ndichitsutsa kotheratu, chosanja chipinda pamwamba pa sitoro imene maziko ake adakonzedwera nyumba ya pansi, chifukwa malonda ayenda bwino. Wofuna kudzasanja anene pa tsiku loyamba. Wokumba m'mbali mwa khoma la mnansi asapyole kuya kwa maziko a mnzakeyo popanda kuchirikiza, pakuti khoma likagwa pamenepo mlandu ndi wake, ndipo m'katimo mumakhala anthu.

Pulani ya nyumba ya malonda iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo nchito isanayambe. Dziwaninso kuti m'chaka cha 2018 bungwe la National Construction Industry Council lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo.

Popangana ndi mmisiri, lembani pa pepala kuya ndi kutambalala kwa ngalande, chiwerengero cha matumba a simenti, ndi kukula kwa zitsulo. Lembaninso kuti konkire isathiridwe mwini wake kapena injiniya asanaone pansi pa ngalande ndi maso ake. Ndipo ngalande ikagona ndi madzi a mvula, matope ayambe achotsedwa kufikira dothi louma.