Kupeta nsalu ndi timitanda: poyambira pake

Nsalu yopetedwa bwino imakometsa tebulo, pilo kapena mpando wa pabalaza. Kapetedwe ka timitanda, kamene ena amati cross-stitch, sikafuna makina. Kamangofuna kuwerenga mabowo a nsalu modekha.

Zofunika

Nsalu yake ndi Aida, ndipo yoyenera woyamba kumene ndi ya timabokosi 14 pa inchi. Ikasowa ku msika wa Karonga, tumani amalonda amene amaoloka pa Songwe kukapikula katundu ku Tanzania. Poyeserera, nsalu yamabokosimabokosi kapena chiguduli choyera zimagwira ntchito. Pezaninso singano yobuntha nsonga, nambala 24, yoti izidutsa m'bowo osang'amba nsalu, ulusi wopetera, sizasi ndi kope la masamu.

Kapetedwe kake

1. Jambulani chithunzi m'kope: kabokosi kamodzi ndi kamtanda kamodzi. Yambani ndi chaching'ono, monga kansomba, bwato kapena chilembo cha dzina la mwana.
2. Pindani m'mphepete mwa nsalu kuti isasomphoke. Kenaka ipindeni pawiri, pawirinso. Pamene mizere yakumana ndi pakati, ndipo muyambire pomwepo.
3. Dulani ulusi wotalika masentimita 45. Uli ndi tizingwe 6, koma inu patulanipo 2 tokha.
4. Musamange mfundo. Siyani kamchira kuseri, muzikaphimba ndi misoko yoyamba.
5. Tulutsani singano pangodya yapansi kumanzere, muilowetse yapamwamba kumanja. Pitirizani choncho mzere wonse, kenaka bwererani mukupingasa kuti timitanda tikwane.
6. Msoko wapamwamba uzipendekera mbali imodzi pansalu yonse. Apa ndiye pagona kukongola kwake, chifukwa mukasakaniza, ntchito imaoneka yamawangamawanga.
7. Musakoke ulusi mwamphamvu, nsalu ingakwinyike. Pomaliza, ulowetseni pansi pa misoko 4 yakuseri ndi kudula.

Kusamala

Kuno kunyanja kumatentha, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndiye thukuta ndi fumbi sizichedwa kudetsa nsalu. Sambani m'manja musanayambe, petani pamthunzi powala bwino, ndipo mukapumula ikani ntchito yanu m'jumbo. Mukamaliza, chapani m'madzi ozizira osafinya, muyanike pamthunzi, musite chakuseri.

Mukaphonya kawerengedwe, masulani msanga musanapite patali. Ngati ku gulu la amayi a mpingo la Umanyano kapena ku banki m'khonde kuli mayi wodziwa kupeta, khalani naye pafupi akuongoleni dzanja mpaka kansalu kanu koyamba kathe.