Mlandu ukakhala kunja, mufunika loya wa komweko

Ambiri mwa inu mumapikula katundu kunja kwa dziko lino: zovala ndi mabulangete ku Johannesburg, zitenje ndi nsapato ku Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam, zina ku Kamwala ku Lusaka kapena ku Tete. Malonda akamayenda bwino palibe amene amaganiza za khoti. Koma zimachitika kuti mwini shopu walandira dipoziti koma katundu sakutumiza, wathiraki wataya mabelo anu pakati pa Beitbridge ndi Mwanza, kapena amene mudamupatsa mpunga pangongole wasiya kuyankha foni.

Zikatere funso limakhala lakuti: ndili ndi loya wanga ku Limbe kapena ku Lilongwe, bwanji angopita akandiyimirire? Yankho ndi lakuti payekha sangathe. Sabata ino tiona chifukwa chake, ntchito ya loya wa komweko, ndiponso momwe mungamusankhire kuti mlandu usakudyereni mpamba.

Chiphaso cha loya chili ndi malire

Loya amagwira ntchito ndi chiphaso cha dziko limene adalembetsa. Kuno kwathu maloya ali pansi pa bungwe la Malawi Law Society. Ku South Africa amalembetsa ku Legal Practice Council, ku Zambia kuli Law Association of Zambia, ku Tanzania kuli Tanganyika Law Society, ndipo ku Mozambique kuli Ordem dos Advogados de Moçambique. Chiphaso cha kuno sichipatsa loya ufulu woyimira munthu m'makhoti a maiko amenewa, ngakhale akhale katswiri wotani.

Nkhaniyi imaoneka bwino ku America, kumene dziko ndi limodzi koma chigawo chilichonse chimapereka chiphaso chakechake. Loya wa ku New York akafuna kuyendetsa mlandu ku Delaware amayenera kupempha khoti la kumeneko kuti limulole pa mlandu umodzi wokhawo. Chilolezochi amachitchula m'Chilatini kuti pro hac vice, kutanthauza kuti "pa nthawi ino yokha". Makhoti ambiri akamapereka chilolezochi amafunanso kuti loya wobwerayo agwire ntchito limodzi ndi loya wa komweko, amene dzina lake limalembedwa pa mlanduwo ndipo khoti limamuona kuti ali ndi udindo pa zimene zikuperekedwa. Ngati makampani akuluakulu amalipira maloya awiri m'dziko lawo lomwe, ndiye kuli bwanji wamalonda amene mlandu wake uli kutsidya kwa malire?

Kodi loya wa komweko amachita chiyani?

Choyamba, amadziwa nthawi. Mlandu uliwonse uli ndi nthawi yoyenera kuuyamba, ndipo nthawiyo ikadutsa khoti likhoza kuukana ngakhale muli ndi umboni wokwanira. Kuno kwathu mlandu wophwanya mgwirizano mungathe kuuyamba pasanathe zaka zisanu ndi chimodzi. Ku South Africa, malinga ndi lamulo la Prescription Act la 1969, ngongole wamba imafa pakatha zaka zitatu. Munthu amene akuwerengera zaka za kuno akhoza kukafika kukhoti la ku Johannesburg ngongole yake itafa kale.

Chachiwiri, amalandira ndi kupereka zikalata. Khoti limafuna adilesi yapafupi kumene anthu a mbali inayo angasiye makalata a mlandu. Ku South Africa ngakhale loya wa ku Cape Town amene ali ndi mlandu ku Johannesburg amapeza mnzake wa mumzindawo woti azimulandirira ndi kumuperekera zikalata. Izi si zachibwana. Kumeneko munthu akalandira samani, kawirikawiri amakhala ndi masiku 10 ogwira ntchito oti adziwitse khoti kuti adziteteza. Akakhala chete, winayo akhoza kupempha chigamulo iye kulibe.

Chachitatu, amadziwa chinenero ndi kayendetsedwe ka khotilo. Ku Mozambique makhoti amagwira ntchito m'Chipwitikizi, ndipo malamulo awo adachokera ku Portugal, osati ku Britain monga athu. Malisiti ndi makalata anu afunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Loya wa komweko amadziwanso khoti loyenera kukula kwa mlandu wanu, ndi nthawi imene milandu yotere imatenga.

Chachinayi, amathandiza kuti chigamulo chisanduke ndalama. Kupambana mlandu n'kwina, kulandira ndalama n'kwina. Amene angatume akuluakulu olanda katundu kuti akalande za wokubwerekaniyo ndi loya wa kumene katunduyo ali. N'chifukwa chake kusumira munthu kuno pamene chuma chake chonse chili ku Durban nthawi zambiri kumangowonjezera ntchito, poti chigamulocho chiyenera kukavomerezedwanso ndi khoti la kumeneko.

Nanga loya wa kuno ndi wantchito yanji?

Pa mlandu waung'ono mungathe kulemba loya wa kunja yekha. Koma ndalama zikakhala zambiri, loya wa kuno amakuthandizani kwambiri. Amasonkhanitsa umboni, amalemba mawu a mboni zimene zili kuno, amakonza kalata yopatsa loya wakunjayo mphamvu yokuyimirirani, ndipo amaonetsetsa kuti zikalata zadindidwa moyenera kuti khoti la kunja lizilandire. Amakumasuliraninso m'Chichewa zimene mnzakeyo akulemba, ndipo amatha kuona ngati bilu yakwera mosayenera. Ndi munthu amene mungamupeze muofesi n'kumufunsa maso ndi maso.

Vuto limabwera pamene awiriwa sadagawane ntchito. Aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuyang'anira tsiku la khoti, kapena onse awiri amalemba kalata imodzimodzi ndipo inu mumalipira kawiri.

Yambani mwawerengera

Musanalembe loya aliyense, tengani kope ndi cholembera monga mumachitira musanakapikule katundu. Tiyerekeze kuti mwini shopu wina ku Johannesburg wakudyerani R15,000. Mbali ina lembani ndalama ya loya, ya basi popita ndi pobwera, malo ogona, chakudya, komanso masiku amene benchi yanu ikhale yotseka. Zikayandikira ndalama imene mukufunayo, mlandu wa maloya sukupindulirani.

Pa ndalama zotere South Africa ili ndi khoti la milandu ing'onoing'ono, Small Claims Court, limene malire ake adakwezedwa kufika pa R20,000 mu 2019. Kumeneko maloya saloledwa kuyimira anthu, aliyense amadziyankhulira yekha. Mumayamba ndi kalata yopatsa winayo masiku 14 kuti alipire. Dziwani kuti amene angasume kumeneko ndi munthu payekha, osati kampani, ndipo muyenera kukaonekera nokha pa tsiku la mlandu.

Mlandu ukakhala waukulu, funsani zinthu ziwiri zimene ambiri sazidziwa. Choyamba, popeza ndinu mlendo, wosumiridwayo akhoza kupempha khoti kuti musungitse ndalama ya chikole, kuti mukagonja apeze polipirira maloya ake. Chachiwiri, ku South Africa maloya ali mitundu iwiri: attorney, amene amakumana nanu ndi kukonza zikalata, ndi advocate, amene kawirikawiri amalembedwa ndi attorney kuti akayankhule m'khoti lalikulu. Choncho mabilu akhoza kukhala atatu, kuphatikizapo ya loya wa kuno.

Nthawi zambiri kalata imodzi yokha yochokera kwa loya wa komweko imakwanira kuti wokubwerekaniyo abwere pokambirana, poti amaona kuti simuli kutali monga ankaganizira. Funsani mtengo wa kalata yotereyi musanakambe za mlandu wonse.

Kusankha loya wa komweko

Safunsa adadya phula. Musatenge loya chifukwa mwangopatsidwa nambala pa depoti ya basi kapena pa gulu la WhatsApp. Tsatirani izi:

1. Tsimikizani kuti ndi loya weniweni. Funsani dzina lake lonse ndi la ofesi yake, kenako inu kapena loya wanu wa kuno mufunse ku bungwe la maloya la dzikolo. Ku South Africa funsaninso ngati ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho cha Fidelity Fund, thumba limene limateteza anthu loya akaba ndalama zimene adamusungitsa.

2. Akhale wa mumzinda umene muli khotilo. Loya wa ku Pretoria pa mlandu wa ku Durban adzafunikanso mnzake wina, ndipo bilu idzakula.

3. Mufunseni ngati adayendetsapo milandu ya malonda kapena ya katundu wotayika paulendo. Katswiri wa milandu ya mabanja kapena ya zitupa zoyendera si amene mukufuna.

4. Mumuuze dzina la amene mukumusumira musanafotokoze zambiri. Ngati ofesi yake imagwirira ntchito munthuyo, sayenera kutenga mlandu wanu.

5. Musalipire ku akaunti ya munthu payekha kapena kudzera mwa kondakitala wa basi. Pemphani invoisi, mulipire kudzera ku banki ku akaunti ya ofesi, ndipo musunge umboni wake.

Zonse zikhale zolembedwa

Mgwirizano wanu ndi maloya awiriwa ukhale papepala. Ulembe amene akutsogolera mlandu, amene akuyang'anira masiku a khoti, amene akulemba zikalata ndi amene akukayankhula. Ulembenso kalipiridwe: pa ola kapena mtengo umodzi pa gawo lililonse, m'ndalama ya dziko liti, ndiponso malire amene sangadutse asanakufunseni. Kwacha ikagwa, bilu ya randi kapena ya dola imakwera yokha, choncho ndi bwino kulipira gawo ndi gawo.

Wina akakuuzani kuti mudzalipira mukapambana, dziwani kuti ku South Africa lamulo la Contingency Fees Act la 1997 limafuna kuti mgwirizano wotere ulembedwe, ndipo gawo la loya lisapose 25 peresenti ya ndalama zimene mwapambana, kapena kuwirikiza kawiri mtengo wake wamasiku onse, kutengera chimene chili chochepa. Onetsetsaninso kuti palembedwa kuti palibe loya amene angavomere kuthetsa mlandu pa ndalama yochepa musanalole inu mwini wake.

Pomaliza, loya ngakhale akhale wodziwa bwanji, amagwira ntchito ndi umboni umene mwamupatsa. Pokapikula katundu pemphani lisiti yokhala ndi dzina lenileni la kampani ndi adilesi yake, osati nambala ya shopu yokha. Jambulani katundu asanakwezedwe, lembani nambala ya thiraki, sungani pepala limene wathiraki wasainira, mapepala a MRA a pachipata ndi mauthenga onse a pafoni. Ngati muli m'gulu la ochita malonda odutsa malire, kambiranani zopezeratu ofesi imodzi ya maloya yodalirika mumzinda umene mumapikulako, kuti vuto likagwa musayambe kufufuza muli kale pamoto. Amalonda angapo amene adyeredwa ndi munthu mmodzi akhozanso kugawana bilu ya loya, ndipo mlandu umene ukadalemera munthu mmodzi umapepuka.