Beersheba, Mzinda wa Zitsime: Mafunso ndi Mayankho

Kodi Beersheba yemwe timamuwerenga m'Baibulo adakalipo?

Alipo ndithu. Ndi mzinda waukulu kummwera kwa dziko la Israel, m'chipululu cha Negev, ndipo mumakhala anthu oposa 200,000. Muli sitima zapamtunda, misika ndi yunivesite ya Ben-Gurion yomwe idayamba mu 1969. Koma munthu wochokera ku Lulimile mumzinda wa Lichinga, wozolowera chifunga cham'mawa ndi mitengo ya paini, chomwe chingayambe kumudabwitsa ndi kuuma kwa dziko. Kuno ku Lichinga mvula imapitirira mamilimita 1,000 pachaka. Kumeneko imangogwa pafupifupi 200, kenaka miyezi yambirimbiri osaona ngakhale dontho. N'chifukwa chake pafupifupi chilichonse chakale choyenera kuona kumeneko chimakhudza madzi.

Nanga Abrahamu akubweramo bwanji?

Akubweramo ndi mlandu wa chitsime. Pa Genesis 21 timamva kuti antchito a mfumu Abimeleki adalanda chitsime chomwe Abrahamu adakumba. Abrahamu adadandaula, napereka ana a nkhosa aakazi 7 ngati umboni woti chitsimecho n'chake, ndipo awiriwo adalumbirirana. Amene adaonapo mkangano wa pamjigo m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti nkhani yotere si yamasewera. Isake nayenso adakumba chitsime komweko, Yakobo adaperekapo nsembe popita ku Iguputo, ndipo Eliya pothawa Yezebeli adasiyako mnyamata wake iye n'kulowa yekha m'chipululu.

Ndiye kuti chitsime chomwe amaonetsa alendo n'cha Abrahamu?

Pafupi ndi chigawo chakale cha mzindawu pali malo otchedwa Chitsime cha Abrahamu, omwe adawakonzera alendo. Chitsimecho n'chakale, ndipo wofufuza wina, Edward Robinson, atafika m'derali mu 1838 adapeza miyala ya pakamwa pa zitsime itadyeka ndi zingwe zotungira. Koma palibe umboni woti adakumba ndi Abrahamu. Ine ndimafuna kuti Mkhristu apite akudziwa zimenezi, asakagwade pamwala chifukwa cha dzina lolembedwa pachikwangwani. Chomwe chili choona n'chokwanira: m'chigwa cha kumeneko madzi amakhala pansi pa mchenga, ndipo anthu akhala akuwakumba kwa zaka zikwizikwi.

Tsono chenicheni chakale chili kuti?

Chili pachitunda cha Tel Be'er Sheva, makilomita ochepa kum'mawa kwa mzinda. Yohanan Aharoni wa ku yunivesite ya Tel Aviv adayamba kufukula malowa mu 1969, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse limodzi ndi Megiddo ndi Hazor. Mabwinjawo si a nthawi ya Abrahamu, koma a mafumu a Yuda. Kadali kamzinda kakang'ono ka linga, komangidwa mwadongosolo: chipata chimodzi, msewu wozungulira motsata linga, ndi nyumba zitatu zazitali zosungiramo chakudya. Akatswiri ambiri amati kadaonongedwa mu 701 Khristu asanabadwe, pomwe Senakeribu wa ku Asuri adaukira Yuda.

Kunja kwa chipata kuli chitsime chakuya pafupifupi mamita 70. Mkati mwa linga, mlendo amapatsidwa chipewa cholimba n'kutsika masitepe amiyala mpaka m'maenje akuluakulu osemedwa m'thanthwe. Makoma ake adawamata njereza yokhuthala kuti madzi asathawe, ndipo imaonekabe. Mvula ikagwa kumapiri a Hebron, madzi osefukira ankawapatutsira m'maenjemo. Adani akazinga mzinda, anthu ankatunga osatuluka pachipata. Ukatsika m'menemo kutentha kumatheratu.

Ndamva za guwa lansembe la nyanga. N'chiyani?

Apa ndiye pokoma nkhani. Ofukula adapeza miyala yosemedwa bwino italowetsedwa m'khoma la nyumba yosungira chakudya, ina ili ndi nsonga zonga nyanga. Ataiphatikiza idapanga guwa lansembe. Ndiye kuti wina adaligumula dala, miyalayo n'kumangira khoma. Ambiri amalumikiza zimenezi ndi mfumu Hezekiya, yemwe adachotsa malo opembedzera a kunja kwa Jerusalem. Tikumbukenso kuti chilamulo cha Mose chidaletsa guwa la miyala yosema, ndiponso kuti mneneri Amosi adadzudzula omwe ankapita kukapembedza ku Beersheba. Amene wawerenga Amosi akaima pamenepo amazindikira kuti mneneriyo ankanena za malo enieni. Guwa lomwe lili pachitundapo ndi chofanizira. Miyala yeniyeni ili ku Israel Museum ku Jerusalem.

Kodi zonse ndi za m'Baibulo basi?

Ayi. Mzinda wamakono adauyambitsa ndi Aturuki cha m'ma 1900, ndipo nyumba ya bwanamkubwa wawo, siteshoni ya sitima ya 1915 ndi mzikiti wa 1906 zidakalipo. Mzikitiwo sapemphereramo: Aarabu okhala mumzindawu adathawa kapena kuthamangitsidwa pankhondo ya 1948, ndipo lero ndi nyumba yoonetseramo za chikhalidwe cha Chisilamu, ngakhale Asilamu adapempha kukhoti kuti aubweze. Kwa ife a ku Niassa, komwe Msilamu ndi Mkhristu amatunga pachitsime chimodzi ndipo onse amalemekeza Abrahamu, nkhani imeneyi imawawa, ndipo si yoti mlendo aidumphe.

Palinso manda a asilikali oposa 1,000 a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa 31 Okutobala 1917 asilikali apakavalo a ku Australia adathamangira mzindawu kuti alande zitsime Aturuki asanaziphulitse. Mwezi usanathe, nkhondo yomweyo idaoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano n'kulowa m'dziko lathu la Mozambique.

Nanga wofuna kupita akonzeke bwanji?

Apewe Julaye ndi Ogasiti, pomwe dzuwa limaswa mtengo. Malichi ndi Epulo ndi yabwino. Sitima yochokera ku Tel Aviv imafika, koma kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Loweruka madzulo sitima ndi mabasi siziyenda chifukwa cha Sabata. Kuchitunda apite m'mamawa, atatenga madzi ndi chipewa. Gaza ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 okha, choncho afunse bwino za chitetezo ndi za viza asanagule tikiti.