MANDASI A MAUNGU OPANDA MAZIRA NDI MKAKA: PHUNZIRO LA AMAYI A KU SIKELO

Amayi, mwana wamng'ono ali ndi mimba yaing'ono, koma thupi lake lili pa ntchito yaikulu ya kukula. Nsima ya masana ndi ya madzulo yokha simkwanira, chifukwa amakhuta msanga ndipo njala imampwetekanso msanga. Nchifukwa chake mwana woyambira miyezi 9 kufikira zaka ziwiri ayenera kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, ndiponso kulandira zakudya zotolatola kamodzi kapena kawiri pakati pa chakudya chachikulu, uku akuyamwabe.

Zotolatola zimene ana ambiri amalandira ndi zogula: masiwiti, mabisiketi, zakumwa za shuga ndi mandasi a pamsika. Izi zimatha ndalama, zimadzaza mimba, koma zimasiya thupi lopanda kanthu. M'phunziro lino tiona kapangidwe ka mandasi a maungu pakhomo, opanda dzira, opanda mkaka, ndiponso osakazinga m'mafuta ambiri.

CHIFUKWA NINJI MAUNGU?

Kuno ku Mayani, monganso m'madera ena a mapiri a Dedza, maungu timabzala m'munda umodzi ndi chimanga. Nkhwani timayamba kudya mvula itangokhazikika, ndipo maungu enieniwo amatipulumutsa m'miyezi ya njala chimanga chisanakhwime. Koma pofika Epulo ndi Meyi, pamene chakudya chachuluka, maungu ambiri amangowolera kumunda kapena kuponyedwa kwa nkhumba. Pamenepo timataya chuma.

Dzungu la chikasu chenicheni mkati lili ndi chinthu chotchedwa karotini, chimene thupi limachisandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu amateteza maso ndiponso amathandiza thupi kulimbana ndi matenda. Mwana wopereweredwa vitamini A amayamba kusaona bwino kukangoda, ndipo akadwala chikuku kapena kutsekula m'mimba matendawo amakula kwambiri.

Dziko lathu lapita patsogolo pa nkhani imeneyi. Kafukufuku wa mu 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 alionse anali opereweredwa vitamini A. Pofika mu 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinali chitatsika kufika pa ana 4 mwa 100. Zina mwa zimene zinathandiza ndi timibulu ta vitamini A timene ana amalandira ku sikelo, ndiponso vitamini amene amathiridwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira kufakitale. Koma kupinimbira sikunatsike chomwecho: kafukufuku wa zaka zomwezo za 2015 ndi 2016 anapeza ana 37 mwa 100 ali opinimbira. Tsono ntchito ikadalipo, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo ili kukhitchini kwanu. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Dziwaninso ichi: karotini amalowa bwino m'thupi pamene m'chakudyamo muli mafuta pang'ono. Dzungu lowiritsa lokha ndi labwino, koma dzungu lophatikiza ndi nsinjiro kapena mafuta ndi labwino koposa. Mandasi a maungu amaphatikiza zinthu zimenezi m'chakudya chimodzi chimene mwana angagwire m'manja.

OPANDA MAZIRA NDI MKAKA

Ku maiko a ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene sadya chilichonse chochokera ku nyama, ngakhale dzira kapena mkaka. M'Chingerezi amawatchula kuti vegan. Ku America, kumene mbewu ya maungu inachokera kalekale, mandasi a maungu amakondedwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, nyengo yawo yokolola, ndipo anthu aja anapeza kuti dzungu lonyenya limagwira ntchito ya dzira ndi mkaka.

Ntchito ya dzira mu ufa wokanda ndi kumata kuti usayoyoke. Ntchito ya mkaka ndi kufewetsa. Dzungu lophika lili ndi madzi ambiri ndiponso limamata, kotero limachita zonse ziwiri. Kwa ife phindu lake ndi ili: tsiku limene nkhuku sizinaikire ndipo ndalama ya mkaka palibe, mukhoza kupangabe chakudya chokoma. Njirayi ndi yothandizanso kwa ana ochepa aja amene achipatala anawaletsa dzira kapena mkaka wa ng'ombe chifukwa matupi awo amatuluka zidzolo akadya.

Koma musamve molakwa. Sitikunena kuti mwana asamadye mazira. Dzira, usipa, matemba, mkaka ndi nyama zili ndi vitamini B12, amene sapezeka m'maungu, m'nyemba kapena m'masamba, ndipo mwana amamfuna kuti magazi ndi ubongo wake zikule bwino. Mwambi woti dzira limadwalitsa mwana khunyu si woona. Dzira likapezeka, liwiritseni mumpatse mwanayo lonse. Limapindula kwambiri motero kusiyana ndi kuliswera mu ufa umene udzagawidwe kwa banja lonse.

ZOFUNIKA KUSONKHANITSA

Muyeso wake ndi kapu ya tiyi, supuni yaikulu yodyera phala, ndi kasupuni kakang'ono ka shuga. Izi zikwanira mandasi aang'ono pafupifupi 12.

1. Kapu imodzi ya dzungu lophika ndi kunyenya.
2. Makapu awiri a ufa wa tirigu.
3. Theka la kapu ya nsinjiro.
4. Masupuni aakulu atatu a mafuta ophikira.
5. Masupuni aakulu awiri kapena atatu a shuga.
6. Timasupuni tiwiri ta baking powder. Ngati palibe, theka la kasupuni ka soda ndi supuni yaikulu imodzi ya madzi a ndimu.
7. Kamchere pang'ono ka ayodini.

Sankhani dzungu lokhwima, la khungu lolimba ndi lachikasu kwambiri mkati. Maungu otuwa mkati ali ndi karotini wochepa. Nyengo ya maungu ikatha, mbatata yofiira mkati monga Zondeni kapena Kadyaubwerere ikhoza kulowa m'malo mwa dzungu pa muyeso womwewo.

Mtedza wa nsinjiro muusankhe bwino pa lichero. Wofota, wofumbwa, wowawa ndi wa chuku muutaye. Chuku chimabala poizoni woononga chiwindi, amene satha ndi moto, ndipo chizolowezi chosinja mtedza wotsalira posankha kuti ukhale nsinjiro za pakhomo ndi choopsa kwa ana.

Ngati ufa wa tirigu wakwera mtengo, theka la kapu mukhoza kuikapo mgaiwa wosefa. Musapitirire pamenepo kwambiri, chifukwa ufa wa chimanga ulibe ulimbo umene tirigu ali nawo, ndipo mandasi ake satupa, amangoyoyoka.

KAPANGIDWE KAKE

1. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, osati oviika m'beseni. Tsukani dzungu musanalidule, ndipo mpeni, mbale ndi mthiko zikhale zoyera.

2. Dulani dzungu, chotsani nthanga, ndi kuliphika ndi madzi ochepa mumphika wovundikira kufikira litafewa. Madzi akachuluka dzungu limasukuluka ndipo ufa wanu udzakhala phala. Nthangazo musataye, ziyanikeni, zidzakhala nsinjiro tsiku lina.

3. Chotsani makoko, nyenyani ndi mthiko mpaka pasakhale mibulu, ndi kuyembekeza kuti lizizire. Mukathira soda kapena baking powder m'dzungu lotentha, mphamvu yake yotupitsa imatha nthawi isanakwane.

4. M'mbale ina sefani ufa, ndi kusakaniza ndi nsinjiro, shuga, mchere ndi chotupitsa.

5. Thirani mafuta m'dzungu lija, pamodzi ndi madzi a ndimu ngati mukugwiritsa ntchito soda. Soda akakumana ndi chowawasa amatulutsa mpweya umene umatupitsa ufa. Soda wochuluka amawawitsa mandasi ndiponso amaononga mavitamini ena, choncho musapyole muyeso.

6. Phatikizani zonse ndi kukanda pang'ono chabe kufikira zitagwirana. Zikamata m'manja, wazani ufa. Zikauma, thirani supuni imodzi kapena awiri a madzi amene munaphikira dzungu. Kukanda nthawi yaitali kumalimbitsa mandasi.

7. Wazani ufa pa thebulo kapena pa thireyi yoyera, ndi kupapatiza ufa wokandawo ndi botolo loyera mpaka kuchindikala kwake kufanane ndi chala chanu. Dulani ndi kukamwa kwa kapu, ndipo pakati pake boolani ndi chitsekero cha botolo. Bowolo lili ndi ntchito: limalola kutentha kufika pakati kuti mandasi asapse kunja kokha.

KUWOTCHA KOPANDA UVUNI

Amayi amene amadziwa kuphika chigumu adziwa kale njira imeneyi. Pakani mafuta pang'ono pansi pa poto wamkulu kapena sefuliya yochindikala. Ikani mandasi motalikirana chifukwa adzatupa. Vundikirani ndi lata loyera kapena chivundikiro chachitsulo. Pansi pa poto siyani makala ochepa, ndipo ambiri muike pamwamba pa chivundikiro. Moto wa pansi ukachuluka mandasi amapserera.

Pakapita mphindi 10 vundukulani mosamala kuti phulusa lisagweremo, ndipo muwatembenuze ngati pansi pafiira. Onse pamodzi amatenga mphindi 15 kapena 20. Kuti mudziwe ngati apsa, lasani ndi kamtengo koyera. Kakatuluka kouma ndiye kuti apsa. Kuona maso a nkhono nkudekha: moto wofatsa ndiwo umapsetsa bwino.

Wina adzafunsa kuti, bwanji osangokazinga monga mwa masiku onse? Kukazinga sikoletsedwa, koma kumafuna mafuta ambiri, ndipo chifukwa mafuta ndi odula, anthu amawabwereza masiku ambiri mpaka ada bii. Mafuta otere aonongeka, ataya vitamini A amene anali nawo, ndipo si abwino m'thupi. Powotcha, masupuni atatu okha akwanira. Ngati mwasankha kukazinga, mafuta akhale atsopano, ndipo ana atalikirane ndi chiwaya. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ana a kuno kumapiri amakonda kuzungulira moto, ndipo ndiyo nthawi imene ambiri amapsa.

KAPATSIDWE KA MWANA

Mwana wosakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha. Asalawe mandasi, phala kapena madzi.

Wa miyezi 6 mpaka 8 mumpatse dzungu lonyenyalo m'phala lolimbirako la mgaiwa, lothira nsinjiro. Mandasi nthawi yake sinakwane.

Woyandikira chaka, amene wayamba kutola chakudya ndi zala, mumnyemere tizidutswa tating'ono tofewa. Akhale pansi, ndipo inu mukhale naye kufikira atatha kudya kuopa kutsamwa. Kwa mwana wosakwana zaka ziwiri, patulani ufa wake musanathire shuga. Kutsekemera kwa dzungu kumkwanira. Ngati ndi nthawi yoyamba kudya nsinjiro, yambani ndi pang'ono, ndipo akatupa milomo, akatuluka zidzolo kapena akavutika kupuma, thamangirani naye kuchipatala.

Wa zaka ziwiri mpaka zisanu, mandasi amodzi kapena awiri pakati pa m'mawa ndi masana akwanira. Musampatse chakudya chachikulu chili pafupi, angakane nsima ndi ndiwo. Musamwetse mwana tiyi pamodzi ndi chakudya, chifukwa tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'magazi. Mpatseni madzi otetezedwa, ndi nthochi, papaya, bwemba kapena chipatso china cha pa nyengo yake.

Pa magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsa ku sikelo, mandasi awa ali ndi anayi: zokhutitsa mu ufa, zanyemba mu nsinjiro, zamafuta, ndi dzungu loteteza thupi. Zanyama ndi zipatso mulibe, ndipo masamba obiriwira akufunikabe pa nsima. Amenewa ndi owonjezera chabe, salowa m'malo mwa chakudya cha tsiku. Salowanso m'malo mwa kambulu ka vitamini A kamene mwana amalandira miyezi 6 iliyonse, kuyambira ali ndi miyezi 6 kufikira zaka zisanu.

UKHONDO NDI KASUNGIDWE

Pa ntchito yathu yoyendera malo ogulitsira zakudya timaona mandasi ali poyera pa fumbi ndi ntchentche, akugwiridwa ndi dzanja lomwe likulandira ndalama, ndi kukulungidwa m'mapepala akale. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, unatikumbutsa kuti matenda amayenda m'madzi, m'manja ndi m'chakudya chosavundikira.

Mandasi akapsa, azizire pa mbale yoyera yophimba ndi nsalu yochapa, kenaka muwasunge m'chiwiya chovundikira. Popeza dzungu lili ndi chinyezi, sakhalitsa. Athe tsiku lomwelo kapena mawa lake. Akayamba kununkha chosasa, kutelera kapena kuonetsa nkhungu, atayeni. Msambitseni mwana m'manja ndi sopo asanadye. Ndipo ngati mufuna kupanga ogulitsa kuti mupeze ya sopo ndi mchere, asungeni m'ndowa yoyera yotsekera, muzitola ndi foloko, osati ndi dzanja.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi dzungu labwino popanga mandasi a mwana mungalidziwe bwanji?
2. Nchifukwa ninji timathira nsinjiro kapena mafuta m'chakudya cha maungu?
3. Ndi magulu ati a zakudya amene mulibe m'mandasi awa, ndipo mwana adzawapeza kuti?
4. Mtedza wa chuku tiyenera kuutani?

Amayi, chaka chino pokolola sankhani maungu okhwima, opanda bala ndi okhala ndi phesi lake, muwasunge pamalo ouma, ozizira ndi opita mphepo, osati pa dothi. Otere amatha miyezi ingapo osawola. Tsiku la sikelo likakwana, bwerani ndi mwana pamodzi ndi buku lake, muone nokha mmene mzere wa kulemera kwake ukuyendera, ndipo chimene simunamvetse m'phunziro lino mufunse alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.